MAI EMMELINE PANKHURST, AMENE ANAMENYERA AKAZI MPHAMVU YA VOTI

Pa 14 June 1928 mu mzinda wa London munamwalira mai wa zaka 69, dzina lao Emmeline Pankhurst. Anamwalira ali osauka, thupi litatheratu ndi ndende ndi njala. Patapita masiku 18 okha, pa 2 July, Mfumu George V inabvomereza lamulo lakuti mkazi ali yense wa zaka 21 m'dziko la Britain akhale ndi mphamvu yosankha aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, monga momwe analiri mwamuna. Cinthu cimene maiwo anacibvutikira moyo wao wonse cinafika manda ao akali auwisi.

Owerenga athu amene amadya thukuta lao m'mafakitale, m'masitoro ndi m'nyumba za eni adzamva msanga mbiri imeneyi, pakuti mlandu wa voti sunali wa kapepala koponya m'bokosi kokha ai. Unali mlandu wa malipiro, wa msonkho, wa ana ndi wa ukalamba. Funso linali lakuti: kodi munthu wogwira nchito ndi kumvera malamulo angaletsedwe bwanji kusankha anthu opanga malamulowo?

MALAMULO A MASIKU AMENEWO

Pamene Emmeline anabadwa, mkazi wokwatiwa m'dziko la England analibe cace pamaso pa lamulo. Akagwira nchito sabata lonse mu fakitale ya nsaru, ndalama zace zinali za mwamuna wace, ndipo mwamunayo akazimwera mowa panalibe bwalo loti mkaziyo akadandauleko. Mkazi wamasiye wokhala ndi sitoro ankakhoma msonkho monga mwamuna, koma tsiku losankha aphungu ankakhala kunyumba.

Ngakhale amuna sanali ndi voti onse. Lamulo la 1832 linapatsa voti amuna acuma okha, ndipo linachula poyera kuti oponya voti akhale amuna. Malamulo a 1867 ndi 1884 anaonjezerapo anchito ambiri, kufikira amuna atatu mwa asanu ali onse anakhala ndi voti. M'caka ca 1867 phungu wina wanzeru, John Stuart Mill, anapempha kuti akazi alowe nao m'lamulolo, koma aphungu 73 okha ndiwo anamthandiza.

UBWANA NDI UKWATI

Emmeline Goulden anabadwa mu July 1858 ku Manchester, mzinda wa mafakitale a thonje. Atate wace, Robert Goulden, anali ndi fakitale yodinda maluwa pa nsaru. Amace, Sophia, anali ocokera ku cisumbu ca Isle of Man, kumene akazi okhala ndi malo aoao analandira voti kale m'caka ca 1881. Banjalo linali lodana ndi ukapolo, ndipo nkhani za dziko zinkakambidwa pa cakudya. Komabe makolowo ankasamala kwambiri za maphunziro a ana aamuna koposa a ana akazi. Usiku wina mtsikanayo, akunamizira tulo, anamva atate wace akudandaula kuti mwana wanzeru cotere sanabadwe wamwamuna. Mau amenewo sanamcoke mumtima.

Ali ndi zaka 14 anatsagana ndi amace ku msonkhano kumene Lydia Becker analankhula za voti ya akazi, ndipo anabwerako atatsimikiza mtima. Pambuyo pace anakaphunzira ku Paris. Mu December 1879 anakwatiwa ndi Dr. Richard Pankhurst, loya amene anali wamkuru kwa iye ndi zaka 24. Bamboyu ndiye mmodzi wa anthu amene anathandiza kulemba malamulo a 1870 ndi 1882, opatsa mkazi wokwatiwa mphamvu pa malipiro ace ndi pa katundu wace. Iye sanafune kuti mkazi wace athere moyo kukhichini.

Anabala ana asanu: Christabel mu 1880, Sylvia mu 1882, Frank mu 1884, Adela mu 1885 ndi Harry mu 1889. Frank anamwalira mu 1888 ndi nthenda ya kukhosi. Banjalo linakhalako zaka zingapo ku London, kumene Mai Pankhurst anatsegula sitoro imene sinapindule, ndipo mu 1893 linabwerera ku Manchester, kumene pambuyo pace linalowa cipani ca anchito ca Independent Labour Party, cimene mtsogoleri wace anali Keir Hardie.

ZIMENE ANAONA M'NYUMBA YA AMPHAWI

Ngakhale akazi analibe mau pa cisankho ca aphungu, lamulo linkawalola kulowa m'makomiti ena ang'ono a m'mizinda. Motero mu 1894 Mai Pankhurst anasankhidwa kukhala mmodzi wa oyang'anira nyumba ya amphawi ya ku Chorlton. Nyumba zotere zinali zosungiramo ana amasiye, nkhalamba ndi anthu osowa pogwira, ndipo zinkayendetsedwa mwaukali dala kuti anthu aziopa kulowamo.

M'menemo maiwo anaona tiatsikana ta zaka 7 ndi 8 titagwada pa miyala yozizira kukolopa makonde, titabvala nsaru zopyapyala m'nyengo yacisanu. Anaona akazi apakati akugwira nchito yakalavulagaga kufikira masiku ao atatsala pang'ono. Anaona nkhalamba zimene zinatha mphamvu zao kutumikira m'nyumba za anthu olemera, tsopano ziri pa mabenchi opanda potsamira. Iwo anamenya nkhondo m'komitimo kufikira cakudya ndi zobvala zinakonzedwa, ndipo nkhalambazo zinalandira mipando.

Mu July 1898 Dr. Pankhurst anamwalira ndi zilonda za m'mimba mkazi wace ali pa ulendo kunja kwa dziko. Maiwo anamva za maliro a amuna ao m'nyuzipepala, ali m'sitima yobwerera kwao. Anatsala ndi ana anai ndi ngongole. Kuti adyetse banja analowa nchito yolemba maina a obadwa ndi omwalira. Pa tebulo lao pankafika atsikana ang'ono kudzalembetsa makanda, ena atapatsidwa mimba ndi mabwana ao kapena ndi abale, ndipo lamulo linkasenzetsa mtsikanayo katundu yense, mwamunayo nkumayenda mfulu. Apa maiwo anazindikira kuti cifundo ca komiti sicingathe kuwongola lamulo lokhota, ndi kuti opanga malamulo amamvera okhawo amene angathe kuwacotsa pa mpando.

BUNGWE LA AKAZI OKHAOKHA

Nkhani ya voti ya akazi inali itakambidwa zaka pafupifupi 40. Panali kale bungwe lalikuru lotsogozedwa ndi Mai Millicent Fawcett, limene linkalemba makalata opempha ndi kucita misonkhano mwaulemu, potsata nzeru ija yakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Maiko ena anali atapita kale patsogolo: New Zealand inapatsa akazi voti mu 1893. Koma ku London aphungu ankangolonjeza ndi kuseka.

Pa 10 October 1903 Mai Pankhurst anaitana akazi owerengeka kunyumba kwao, nambala 62 Nelson Street, ndipo anayambitsa bungwe lochedwa Women's Social and Political Union. Munalibe mwamuna m'bungwemo, ndipo lamulo lace linali lakuti zocita ziposa zonena. Mu May 1905 panali mwai wakuti aphungu akambe za voti ya akazi, koma iwo anataya dala tsiku lonse akukangana za nyali za pa ngolo, kufikira nthawi inatha. Akazi amene anadikira panja anabwerera ndi mkwiyo.

Pa 13 October caka comweco Christabel anapita ndi mnzace Annie Kenney ku msonkhano wa cipani ca Liberal mu Free Trade Hall ku Manchester. Annie anali mwana wa anchito, amene analowa mu fakitale ya thonje ali ndi zaka 10 ndipo makina anamdula cala. Awiriwa anafunsa Sir Edward Grey ngati cipani cace cidzapatsa akazi voti cikalowa m'Boma. Sanayankhidwe, koma anakokeredwa kunja, ndipo Christabel analabvulira wapolisi dala kuti amangidwe. Atalamulidwa kulipira faindi, onse awiri anasankha ndende. M'mawa mwace manyuzipepala amene anakhala cete zaka zambiri analemba za iwo, ndipo akazi anayamba kulowa m'bungwemo mwaunyinji.

NDENDE NDI NJALA

Mu 1906 likuru la bungwe linasamukira ku London, ndipo caka cotsatira Mai Pankhurst anasiya nchito yao ya malipiro ndi nyumba yao yomwe, nakhala munthu wa pa ulendo, wogona m'nyumba za abwenzi. Anali mai wocepa thupi, wobvala mwaukhondo, wa mau ofatsa koma omveka patali. Mu February 1908 anamangidwa koyamba akupita ndi cikalata ku Nyumba ya Malamulo, ndipo anakhala masabata 6 m'ndende ya Holloway. Pa 21 June caka comweco anthu oposa 250,000 anasonkhana ku Hyde Park, akazi atabvala zoyera ndi nsaru zobiriwira ndi zofiirira. Koma Nduna Yaikuru, Herbert Asquith, sinatekeseke.

Mu October 1908 mai ndi mwana anaimbidwa mlandu pamodzi. Christabel anali atapambana mayeso a zamalamulo pa yunivesite ya ku Manchester, koma sanaloledwe kugwira nchito ya uloya cifukwa anali mkazi. Tsikulo anadziimira yekha pa mlandu, ndipo anaitana nduna ziwiri za Boma, David Lloyd George ndi Herbert Gladstone, nazipanikiza ndi mafunso pamaso pa anthu.

Akaziwo ankafuna kuti Boma liwayese akaidi a ndale, osati mbala. Mu July 1909 Marion Wallace Dunlop anakana kudya m'ndende, ndipo atatha maola 91 anamasulidwa. Ena anatsata. Pofika mu September Boma linalamula kuti azidyetsedwa mokakamiza. Alonda akazi ankamgwira mkaidi manja ndi miyendo, dokotala nkulowetsa paipi ya mphira m'mphuno kapena m'kamwa motsegulidwa ndi citsulo, kufikira m'mimba, ndi kuthiramo mkaka ndi mazira. Ambiri anatuluka mano atathyoka, m'khosi muli zilonda, ndipo ena cakudya cinawalowa m'mapapo.

Mkazi wina wa banja lachuka, Lady Constance Lytton, anaona kuti iye akamangidwa amamasulidwa msanga ati cifukwa ca nthenda ya mtima, pamene akazi osauka amazunzidwa. Mu January 1910 anadzimeta tsitsi, nabvala ngati mkazi wosoka zobvala, nadzicha Jane Warton, ndipo anamangidwa ku Liverpool. Kumeneko palibe anasamala za mtima wace asanayambe kumdyetsa mokakamiza, ndipo anatero kasanu ndi katatu. Dzina lace lenileni litadziwika anamasulidwa pomwepo. Dziko lonse linaona kuti ngakhale m'ndende lamulo linali ndi maso awiri, lina la olemera ndi lina la osauka.

CAKA CA MALIRO

Walira mvula walira matope. Caka ca 1910 cinayamba ndi imfa ya Harry, mwana wamwamuna mmodzi yekha amene anatsala, atapuwala miyendo ndi nthenda. Pamene anali kudwala, amace anapita ku America kukalankhula pa misonkhano kuti apeze ndalama zolipira madokotala, ndipo amene anamsamala anali Sylvia.

M'caka cimeneco aphungu a zipani zonse anagwirizana pa bilu yopatsa voti akazi pafupifupi 1,000,000 okhala ndi nyumba zaozao, ndipo bungwe la Mai Pankhurst linaleka zaciwawa kuti lipatse Boma mpata. Biluyo inapambana pa kuwerengedwa kwaciwiri, koma Asquith anakana kuipatsa nthawi yoti ithe. Pa 18 November akazi 300 anayenda kunka ku Nyumba ya Malamulo. M'malo mowamanga msanga, apolisi anawakankha, kuwamenya ndi kuwagwira mocititsa manyazi kwa maola 6. Akazi 115 anagwidwa, koma m'mawa mwace nduna yoyang'anira apolisi, Winston Churchill, inathetsa milandu yao, ndipo inakana kufufuza zimene apolisi anacita. Tsikulo limakumbukiridwa monga Lacisanu Lakuda.

Mng'ono wao wa Mai Pankhurst, Mary Clarke, anali nao tsikulo. Masiku owerengeka pambuyo pace anamangidwa, nadyetsedwa mokakamiza ku Holloway, ndipo anamwalira pa tsiku la Khrisimasi, atangotha masiku awiri cimasulidwire.

MIYALA NDI MOTO

Boma litawagwiritsanso mwala mu 1911, Mai Pankhurst anaganiza kuti olamulira amasamala katundu koposa matupi a akazi, ndipo ndi pa katundupo pamene ayenera kupwetekedwa. Madzulo a pa 1 March 1912 akazi oposa 100 anatulutsa nyundo ndi miyala m'zikwama zao nthawi imodzi, naphwanya magalasi a masitoro akuru a m'kati mwa London. Maiwo eni ace anagenda mazenera a nyumba ya Nduna Yaikuru ku Downing Street. Christabel anathawira ku Paris, kumene anayendetsa bungwe ali kutali. Amace analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 9, ndipo anakana kudya. Pamene madokotala anafika pakhomo ndi paipi yao, iwo ananyamula mtsuko wadothi ndi kuopseza kuti adzitchinjiriza nao, ndipo madokotalawo anabwerera.

Kuyambira pamenepo zinthu zinakula. Akazi anathira mankhwala m'mabokosi a makalata, anadula mawaya a matelefoni, anatentha nyumba zopanda anthu, masiteshoni a sitima ndi machalichi. Mu February 1913 bomba linaphulika m'nyumba imene inali kumangidwira Lloyd George. Mai Pankhurst ananena poyera kuti mlanduwo ugwere iwo, ndipo mu April analamulidwa kukhala m'ndende zaka 3. Lamulo la bungwe linali lakuti moyo wa munthu usaonongeke, komabe anchito a ku positi ofesi ena anapsa manja ndi mankhwala aja, ndipo anthu ambiri amene poyamba ankawamvera cisoni anawafulatira.

MPHAKA NDI MBEWA

Boma linaopa kuti mkaidi wina angafere m'manja mwace. Motero mu April 1913 linapanga lamulo lakuti wokana kudya akafooka azimasulidwa, ndipo akapezako mphamvu azigwidwanso kuti akatsirize masiku ace. Anthu analicha lamulo la mphaka ndi mbewa. Mai Pankhurst, ali ndi zaka 55, analowa ndi kutuluka m'ndende kambirimbiri m'njira imeneyi, nthawi zina akukana ndi madzi omwe, ndipo kunja ankatuluka atanyamulidwa pa macira.

Pa 4 June 1913, pa mpikisano waukuru wa akavalo ku Epsom, Emily Wilding Davison analowa m'bwalo akavalo ali pa liwiro, ndipo kavalo wa Mfumu anamgunda. Anamwalira pa 8 June. Akazi zikwi zambiri anaperekeza maliro ace m'miseu ya London, koma Mai Pankhurst anagwidwa pakhomo akuti azipita kumaliroko. Mu May 1914 anagwidwanso pa cipata ca Buckingham Palace akufuna kupereka madandaulo kwa Mfumu, ndipo cithunzi ca wapolisi wamkuru atawanyamula m'mwamba ngati mwana cinafalikira maiko onse. Pa zaka zonsezi akazi pafupifupi 1,000 analawa ndende.

BANJA LIGAWIKANA

Mai amene ankamenyera anthu mphamvu yosankha sankalola cisankho m'bungwe lao. Ankaliyendetsa ngati gulu la nkhondo, ndipo wotsutsana ndi iwo kapena ndi Christabel ankacotsedwa. Mu 1907 ena anapatuka nayamba bungwe lao. Mu 1912 Bambo ndi Mai Pethick-Lawrence, amene anathira cuma cao cambiri m'nchitoyi ndi kulowa ndende pamodzi ndi maiwo, anapirikitsidwa cifukwa cokana njira ya moto.

Mkangano woopsa unali wa m'nyumba. Christabel ankakhulupira kuti akazi ophunzira ndi acuma ndiwo adzatsegula khomo, ena nkulowa pambuyo. Sylvia ankati voti yosafika kwa mkazi wocapa zobvala ndi wosoka matumba siinakwane, ndipo anakakhala pakati pa anchito osauka a kum'mawa kwa London, nagwirizana ndi mabungwe a anchito aamuna. Kuciyambi kwa 1914 amace ndi mkuru wace anamcotsa m'bungwe. Adela anapatsidwa tikiti ya sitima ya pamadzi ndi £20 kuti apite ku Australia, ndipo sanaonanenso ndi amace. Codabwitsa ncakuti mu June 1914 Asquith, amene anakana zaka zonse kukumana ndi Mai Pankhurst, analandira akazi 6 anchito otumidwa ndi gulu la Sylvia, namvetsera za malipiro ao ocepa.

NKHONDO YA 1914

Nkhondo itabuka mu August 1914, Boma linamasula akazi onse omangidwa cifukwa ca voti, ndipo Mai Pankhurst analeka kulimbana nalo. Anati voti iribe nchito m'dziko logonjetsedwa. Anayamba kukopa anyamata kuti alowe usilikari, ndipo mu July 1915 anatsogolera ulendo waukuru wa akazi opempha nchito m'mafakitale a zida, ndi ndalama zocokera kwa Lloyd George yemwe uja amene nyumba yace inaphulitsidwa. Sylvia ndi Adela anatsutsa nkhondoyo, ndipo mpata wa pakati pa iwo ndi amao unakulirakulira.

Akazi mazana a zikwi analowa m'malo mwa amuna. Anayendetsa mabasi, analima minda, ndipo anadzaza zipolopolo ndi onga umene unasandutsa khungu lao lacikasu ndi kupha ena. Kawirikawiri malipiro ao anali ocepa poyerekeza ndi a amuna pa nchito yomweyo.

VOTI YA ENI NYUMBA

Lamulo lakale linkafuna kuti woponya voti akhale atakhala pa nyumba imodzi caka cathunthu, ndipo asilikari amene anali kunkhondo anataya voti cifukwa ca cimeneci. Boma linayenera kulemba lamulo latsopano, ndipo aphungu anaona kuti sangathe kusiyanso akazi kunja, kuopa kuti miyala ndi moto zingabwerere nkhondo ikatha. Pa 6 February 1918 lamulo linabvomerezedwa lopatsa voti pafupifupi mwamuna ali yense wa zaka 21. Koma mkazi anayenera kukhala wa zaka 30, ndiponso mwini nyumba, kapena mkazi wa mwini nyumba, kapena wophunzira ku yunivesite. Malire amenewa anaikidwa dala kuti akazi asacuruke koposa amuna, popeza amuna ambiri anafera kunkhondo.

Akazi 8,400,000 analandira voti. Koma atsikana ambiri a m'mafakitale a onga aja, amene anayamikidwa pa misonkhano yonse, anatsala kunja pamodzi ndi anchito a m'nyumba ogona kwa mabwana ao. Amene anasenza katundu wolemera ndiwo anauzidwa kuti adikire, ndipo anadikira zaka 10. Pa cisankho ca December 1918 Christabel anaima ku Smethwick nalephera ndi mavoti 775. Mkazi woyamba kusankhidwa anali Constance Markievicz wa ku Ireland, amene anakana kukakhala m'Nyumbayo, ndipo woyamba kukhalamo anali Nancy Astor mu December 1919.

MASIKU OTSIRIZA

Nkhondo itatha Mai Pankhurst analibe nyumba kapena penshoni, ndipo anali kulera ana anai amene anawatola m'nthawi ya nkhondo. Anakhala zaka zingapo ku Canada akulankhula pa misonkhano ya zaumoyo kuti apeze cakudya. Mu 1925 anayesa malonda a tiyi kum'mwera kwa France, koma anagwa nao. Atabwerera kwao anadabwitsa anthu polowa cipani ca Conservative, cimene cinawaimika kuti adzapikisane pa cisankho ku Whitechapel. Mtsikana wa m'banja lodana ndi ukapolo uja anali tsopano wotamanda ufumu wa Britain pa maiko ena, pamene Sylvia anali kuutsutsa.

Mu December 1927 Sylvia anabala mwana wamwamuna osakwatiwa mwa lamulo, ndipo nkhaniyo itatuluka m'manyuzipepala amace anasweka mtima, nakana kumuona. Anadwala, namwalira asanayanjane. Anaikidwa ku manda a Brompton, ndipo akazi amene anali nao m'ndende ndiwo anaperekeza bokosi lao. Lamulo la 1928 linaonjezera akazi pafupifupi 5,000,000, ndipo kuyambira pamenepo akazi oponya voti anacuruka koposa amuna.

Sylvia anatsata njira yace kufikira ku Africa. Italy italowa ndi nkhondo m'dziko la Ethiopia mu 1935, iye anakhala mmodzi wa Angerezi olimbika koposa pothandiza Mfumu Haile Selassie. Anasamukira ku Addis Ababa mu 1956, namwalira komweko mu 1960, ndipo Boma la Ethiopia linamuika m'manda mwaulemu waukuru.

KUWERUZA KWA MBIRI

Akatswiri a mbiri yakale sagwirizana pa za maiwa kufikira lero. Ena amati miyala ndi moto zinacedwetsa voti, popeza zinapatsa Asquith cifukwa cokanira, ndi kuti nchito yeniyeni inagwiridwa ndi bungwe lofatsa la Mai Fawcett, limene pofika 1914 linali ndi mamembala oposa 50,000. Ena amati popanda ndende ndi njala za akazi aja nkhaniyo ikadagonabe m'makabati monga inagonera zaka 40. Cala cimodzi sicikuswa nsabwe, ndipo cioneka kuti Boma linagonja cifukwa linapanikizidwa mbali zonse ziwiri.

Cimene mbiriyi ionetsa poyera ncakuti olamulira akakakamizidwa kutsegula khomo amayamba alitsegula pang'ono, nkuyesa anthu ndi muyeso wa cuma, wa zaka kapena wa khungu. Ku South Africa Boma la Hertzog linapatsa voti akazi acizungu okha mu 1930, ndipo potero linacepetsa mphamvu ya mavoti a anthu akuda owerengeka a ku Cape. Akazi akuda a dzikolo anaponya voti yao yoyamba yosankha Boma mu 1994.

Pa 6 March 1930 Stanley Baldwin, amene anakhalapo Nduna Yaikuru, anabvundukula cifanizo ca Mai Pankhurst pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, pa malo amene apolisi ankawathamangitsa, ndipo gulu loimba la apolisi ndilo linaimba pa mwambowo. Nyumba ya ku Nelson Street inasanduka malo osungiramo mbiri yao. Mu December 2018 mzinda wa Manchester unaimika cifanizo cina ca mkuwa, coonetsa maiwo ataimirira pa mpando wa kukhichini, dzanja litatambasuka, monga ankacitira polankhula kwa anchito pa zipata za mafakitale.